Max Schmeling, Mjeremani wankhonya amene andale anamusandutsa mbendera

Usiku wina mu December 1935, mu holo ya Madison Square Garden ku New York, mnyamata wakuda wa zaka 21 dzina lake Joe Louis ankaswa Paulino Uzcudun wa ku Spain, chimunthu cholimba chimene chiyambire nkhonya chinali chisanagwetsedwepo. Louis anamugwetsa mu raundi yachinayi, nkhonya n'kuthera pomwepo. Anthu anatuluka m'holomo akupukusa mitu, akuti mnyamata ameneyu palibe angamuthe. Koma pakati pawo panali Mjeremani wa zaka 30, Max Schmeling, amene maso ake sanali pa chibakera chogwetsa munthucho. Iye ankayang'ana dzanja linalo, lamanzere. Atolankhani atamufunsa maganizo ake, anangoti pali kanthu kamene waona, osatchula kuti n'kanthu kanji.

Kanthuko kanali aka. Wankhonya akaponya kachibakera kofulumira ka kumanzere, amayenera kubweza dzanjalo msanga kuti litchinge chibwano. Louis akaponya, dzanjalo linkatsika pang'ono lisanabwerere. Kampata kake kanali kakang'ono, kosakwana n'kuphethira komwe, koma kwa munthu wa chibakera cha kumanja cholemera ngati cha Schmeling, kanali khomo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapita kwawo ndi mafilimu a nkhonya za Louis, n'kumawaonera mobwerezabwereza mpaka ataloweza kayendedwe ka dzanjalo.

Kuti timvetse chifukwa chake nkhonya ya anthu awiriwa inagwedeza dziko lonse, tiyambe ndi kumene Mjeremaniyu anachokera.

Schmeling anabadwa pa 28 September 1905 m'mudzi wa Klein Luckow, kumpoto chakum'mawa kwa Germany, koma anakulira ku Hamburg, mzinda wa doko, kumene bambo ake ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Chimene chinamukokera ku nkhonya ndi filimu ya mpikisano wa mu 1921 pakati pa Jack Dempsey wa ku America ndi Georges Carpentier wa ku France. Anayamba nkhonya yolipidwa mu 1924, ndipo anakwera mofulumira: lamba wa Germany wa gulu la light heavyweight mu 1926, wa Ulaya yense mu 1927, kenako mu 1928 lamba wa Germany wa gulu la olemera kwambiri, la heavyweight. Sanali wankhonya wongolusa. Ankaimirira chopendekera kumbuyo, kumudikira mnzake kuti alakwitse, ndiyeno n'kumulanga ndi dzanja lamanja.

Mumzinda wa Berlin wa zaka zimenezo, nkhonya inali m'fasho pakati pa anthu ophunzira. Olemba mabuku, ojambula ndi ochita zisudzo ankakonda kucheza ndi katswiri wachinyamatayu, moti George Grosz, wojambula wotchuka, anamujambula chithunzi. Ambiri mwa anzake a nthawi imeneyo anali Ayuda. Mfundo imeneyi tiisunge, idzafunika kutsogoloku.

Ndalama za nkhonya zinali ku America, choncho mu 1928 anawoloka nyanja. Kumeneko anapeza manijala, Joe Jacobs, Myuda wa ku New York, wamfupi, wolongolola, ndudu yaikulu ili pakamwa nthawi zonse. Masiku ano malamba a dziko lonse alipo ambiri, WBA, WBC, IBF ndi WBO, moti nthawi zina anthu atatu kapena anayi amadzitcha akatswiri pa gulu limodzi. Kalelo katswiri wa heavyweight ankakhala mmodzi basi, ndipo dzina lake linkadziwika ngakhale kwa anthu amene sanaonerepo nkhonya. Gene Tunney atapuma mu 1928 mpandowo unatsala wopanda mwini, ndipo pa 12 June 1930, pa bwalo la Yankee Stadium, Schmeling anakumana ndi Jack Sharkey kuti apezeke woulowa.

Zimene zinachitika usiku umenewo zinamupatsa lamba koma zinamumana ulemu. Sharkey ankatsogola. Mu raundi yachinayi anaponya chibakera chimene chinafikira pansi pa lamba wa m'chiuno, malo oletsedwa, ndipo Schmeling anagwa akubuula. Jacobs analumphira m'bwalo akukuwa kuti lamulo laswedwa, mpaka woyimbira anagamula kuti Sharkey walakwa. Kanali koyamba kuti munthu atenge lamba wa heavyweight mwa njira yotere, ali chigonere pansi, ndipo ngakhale kwawo ku Germany ena ankamuseka. Anadziyeretsako mu 1931 ku Cleveland pamene anagonjetsa Young Stribling mu raundi ya 15. Mu June 1932 anakumananso ndi Sharkey, ndipo ulendo uno ambiri amene anaonera anati Schmeling ndiye anapambana, koma majaji anapereka lamba kwa Sharkey. Jacobs anathamangira pa maikolofoni ya wailesi n'kukuwa kuti awabera. Chaka chotsatira Max Baer anamuswa koopsa, ndipo anthu anayamba kunena kuti Mjeremani uja watha.

Chaka chomwecho cha 1933 chinasintha zonse kwawo. Adolf Hitler analowa m'boma mu January, ndipo anzake a Schmeling a ku Berlin aja anayamba kuthawa m'dzikomo mmodzimmodzi. Iye anatsala. Mu July anakwatira Anny Ondra, mkazi wa ku Czechoslovakia wotchuka m'mafilimu. Tsopano taonani mmene zinthu zinalili: katswiri wamkulu wa Germany, amene boma la Nazi, chipani cha Hitler, linkafuna kumuonetsa ngati chitsanzo cha mtundu wapamwamba, anali ndi manijala Myuda komanso mkazi wa mtundu wa Asilavo, anthu amene chipanicho chinkawanyoza.

Mu 1935 ku Hamburg, Schmeling atagonjetsa Steve Hamas, khamu lonse linaimirira n'kukweza manja mwa sawatcha ya Nazi. Jacobs, ali m'bwalo momwemo, anakwezanso lake, ndudu ili pakati pa zala. Chithunzicho chinakwiyitsa mbali zonse ziwiri: a Nazi anati wawanyoza, Ayuda a ku America anati wawapereka. Akuluakulu a zamasewera ku Germany analamula Schmeling kuti amuchotse ntchito. Iye anakana, ndipo Jacobs anakhalabe manijala wake mpaka pamene anamwalira mu 1940. Schmeling sanalowenso chipani cha Nazi ngakhale tsiku limodzi.

Komabe tisafulumire kumuveka nkhata. Munthu yemweyu ankapita kukadya ndi Hitler akaitanidwa, ankajambulitsa naye, ndipo akafika ku America ankauza atolankhani kuti zinthu kwawo zili bwino. Kumapeto kwa 1935, patangopita miyezi yochepa boma litakhazikitsa malamulo a ku Nuremberg olanda Ayuda unzika, ku America kunali mkangano waukulu woti dzikolo linyanyale masewera a Olympic a mu 1936 ku Berlin. Schmeling anathandiza kutsimikizira Avery Brundage, mkulu wa komiti ya Olympic ya America, kuti osewera achiyuda ndi akuda sadzavutitsidwa. America inapita, ndipo Hitler anapeza mwayi wodzionetsa ku dziko lonse ngati mtsogoleri wamtendere. Kwa ine, pa zonse zimene Schmeling anachita, ichi ndicho cholemera kwambiri pa mbiri yake, chifukwa apa sanangokhala chete, anabwereketsa dzina lake.

Tsopano tibwerere ku dzanja lamanzere lija. Nkhonya inakonzedwa pa Yankee Stadium, mvula inaichedwetsa ndi tsiku limodzi, n'kuchitika pa 19 June 1936. Louis anali ndi zaka 22, asanagonjepo chilowereni nkhonya yolipidwa. Anali atagwetsa kale akatswiri akale awiri, Max Baer uja ndi Primo Carnera wa ku Italy, amene anamuswa mu 1935 pamene Mussolini, mtsogoleri wa Italy, ankakonzekera kulanda Ethiopia, moti anthu akuda ambiri anaona chipambanocho ngati chawo. Obetcha onse anali kumbali ya Louis. Iyenso anamuderera mdaniyo, nthawi yambiri yokonzekera anaithera ku gofu. Ngakhale akuluakulu a Nazi sanasangalale ndi mpikisanowu poyamba, poopa manyazi oti Mjeremani agwetsedwe ndi munthu wakuda.

Maraundi atatu oyamba Schmeling analandira zibakera za kumanzere mpaka diso linayamba kutupa. Ankadikira. Mu raundi yachinayi dzanja la Louis linatsika, chibakera cha kumanja chinadutsa pamwamba pake n'kufikira pachibwano, china n'kutsatira, ndipo Louis anakhala pansi koyamba pa ntchito yake yonse. Anadzuka, koma sanabwererenso mwakale. Raundi iliyonse chibakera chomwecho chinkamupeza pamalo omwewo, mpaka mu raundi ya 12 anagwa osadzukanso woyimbira asanamalize kuwerenga.

Ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York, anthu analira m'misewu. Azungu ambiri a ku America, makamaka a m'zigawo za kum'mwera, anakondwera kuti mzungu wamuika wakuda pamalo pake, ndipo mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri nkhaniyi ikamakambidwa. Ku Germany kunali m'bandakucha, anthu ali pa mawailesi. Anny Ondra anamvera nkhonyayo ali m'nyumba ya Joseph Goebbels, nduna yofalitsa nkhani za chipani. Schmeling anabwerera kwawo pa Hindenburg, chombo chachikulu cha mumlengalenga chija, analandiridwa ngati mfumu, Hitler anamuitana, ndipo filimu ya nkhonyayo inaonetsedwa m'dziko lonse ngati umboni woti Mjeremani ndi woposa mitundu ina. Chipambano chimene munthu anachipeza ndi maso ake, kudekha kwake ndi diso lotupa, chinasanduka katundu wa chipani. Iye sanakane.

Mwa chilungamo chake, Schmeling ndiye anayenera kulimbana ndi mwini lamba wa nthawiyo, James Braddock, ndipo pangano linasainidwa la 3 June 1937. Koma ku America ambiri ankaopa kuti lamba akapita ku Germany ya Hitler sadzabwerako, ndipo mabungwe odana ndi Nazi anaopseza kuti anyanyala. Kunalinso nkhani ya ndalama. Mike Jacobs, wokonza nkhonya za Louis, amene sanali pachibale ndi Joe Jacobs, analonjeza mbali ya Braddock gawo limodzi mwa magawo 10 a phindu lake la nkhonya za heavyweight kwa zaka 10. Braddock anasankha Louis. Pa tsiku la panganolo Schmeling anafika kudzayezedwa sikelo, mnzake osaoneka. Pa 22 June 1937 ku Chicago Louis anagwetsa Braddock, n'kukhala munthu wakuda wachiwiri kutenga lambayo, woyamba anali Jack Johnson amene anautenga mu 1908. Koma ananena poyera kuti sadziona ngati katswiri mpaka atagonjetsa Schmeling.

Pamene awiriwa ankakumananso, pa 22 June 1938, dziko linali litasintha. Mu March chaka chimenecho Germany inali itameza Austria, ndipo fungo la nkhondo linali paliponse. Schmeling atafika ku New York anapeza anthu onyamula zikwangwani panja pa hotela yake, makalata omuopseza akubwera. Popita m'bwalo anthu ankamugenda ndi zinyalala. Tsopano iye anali Hitler m'maso mwa anthu, ndipo Louis anali America. Pamenepa pali chinthu chowawa: dziko limene linkamutuma Louis kuti alimenyere nkhondo ndi lomwe linkamuletsa kugona m'mahotela ambiri ndi kudya m'malesitilanti a azungu chifukwa cha khungu lake. Anthu awiri onsewa anasenzetsedwa mitolo imene sanaimange okha.

Anthu oposa 70,000 anadzaza Yankee Stadium, ndipo mamiliyoni ambirimbiri anatchera khutu pa wailesi m'mayiko osiyanasiyana. Louis sanamupatse mpata wodikira. Belu litangolira anamuthamangira, n'kumupanikiza pa zingwe. Schmeling potembenuka kuti azembe, chibakera china chinamupeza m'nthiti chakumsana, ndipo anakuwa mokweza moti anthu okhala pafupi anamva. Anagwa katatu. Mphunzitsi wake, Max Machon, anaponya thaulo m'bwalo posonyeza kuti agonja, koma malamulo a ku New York sankavomereza zimenezo, choncho woyimbira, Arthur Donovan, analitola n'kuliponya kunja, kenako iye mwini anaimitsa nkhonyayo. Zonsezi zinatenga mphindi ziwiri ndi masekondi anayi. Schmeling anagonekedwa m'chipatala atathyoka tifupa ta kumsana, ndipo anakwera sitima yobwerera kwawo atanyamulidwa pa machira. Ku Berlin kunalibenso chikondwerero. Akuluakulu amene ankalimbirana kujambulitsa naye anayamba kumutalikira.

Patapita zaka zambiri, iye mwini ananena kuti akayang'ana m'mbuyo amaona kuti mwina kugonjako kunamuchitira ubwino, chifukwa akanapambana a Nazi akanamuveka mendulo, ndipo nkhondo itatha akanawerengedwa pamodzi ndi zigawenga zawo.

Pasanathe miyezi isanu chigonjereni, usiku wa pa 9 November 1938, magulu a Nazi anaukira Ayuda m'dziko lonse la Germany. Anatentha masunagoge, anaswa mashopu, anapha anthu, ndipo amuna achiyuda pafupifupi 30,000 anatengedwa kupita kumisasa ya ukaidi. David Lewin, Myuda wogulitsa zovala amene anali mnzake wa Schmeling, anamupempha kuti amusungire ana ake awiri aamuna, Henri ndi Werner. Schmeling anawabisa m'chipinda chake mu hotela ya Excelsior ku Berlin, n'kuuza ogwira ntchito pamalo olandirira alendo kuti akudwala, asalole munthu aliyense kukwera. Anyamatawo anakhala mmenemo masiku angapo mpaka kunja kutazizira. Pambuyo pake banjalo linathawira ku Shanghai, mzinda wa ku China, kenako anyamatawo anakafika ku America.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti Schmeling sanaiulule. Nkhondo itatha, pamene Mjeremani aliyense wotchuka ankasakasaka umboni woti sanali wa Nazi, iye anali ndi umboni woposa wa ambiri, koma anausunga mumtima. Inadziwika mu 1989, patapita zaka 51, pamene Henri Lewin, amene tsopano anali mkulu wa mahotela ku Las Vegas, anaimirira pa phwando lolemekeza Schmeling n'kuuza anthu kuti munthu wakhala apoyo ndiye anapulumutsa moyo wake ndi wa mbale wake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamupeza atangotenga lamba wa Ulaya wa heavyweight, pogwetsa Adolf Heuser mu raundi yoyamba ku Stuttgart mu 1939. Akatswiri ena otchuka boma linkawateteza kuti asapite kunkhondo, koma iye analembedwa usilikali mu 1940, n'kuikidwa m'gulu la asilikali odumpha m'ndege ndi parachuti. Mu May 1941, ali ndi zaka 35, anadumpha pa chilumba cha Crete ku Greece, anavulala bondo ndi msana, ndipo mu 1943 anamutulutsa usilikali. Nkhondo itatha anapezeka wopanda kanthu. Munda wake waukulu wa ku Pomerania unagwera mbali imene inaperekedwa ku Poland. Akuluakulu ofufuza anthu amene anagwira ntchito ndi Nazi anamupeza wopanda mlandu.

Njala ndiyo inamubwezera m'bwalo mu 1947, ali ndi zaka 42. Anamenya nkhonya zisanu, anapambana zitatu, ndipo yomaliza anagonja kwa Richard Vogt ku Berlin pa 31 October 1948. Anapachika magolovesi atamenya nkhonya 70, n'kupambana 56. Ndalama zimene anapezazo anagula malo pafupi ndi Hamburg, n'kuyamba kuweta nkhuku ndi tinyama totchedwa mink timene ubweya wake amasokera majasi, komanso kulima fodya. Mwayi waukulu unabwera mu 1957 pamene anapatsidwa chilolezo chothira m'mabotolo ndi kugulitsa Coca-Cola m'dera la Hamburg. Amene anamutsegulira khomo ndi James Farley, yemwe kale anali mkulu wa bungwe loyang'anira nkhonya ku New York, ndipo tsopano anali bwana ku kampaniyo. Schmeling analemera kuposa mmene analili ali katswiri.

Kwa Louis zinthu zinayenda chobwerera. Anasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949, anauteteza maulendo 25, anapereka ndalama za nkhonya zake ziwiri ku mabungwe othandiza asilikali, iyenso anavala yunifolomu m'gulu lankhondo limene linkalekanitsa akuda ndi azungu. Koma bungwe lotolera misonkho linamusaka ndi ngongole imene inkangokula ndi chiwongoladzanja, mpaka anayamba masewera ogwetsana kuti apeze ya ndiwo, ndipo kumapeto ankagwira ntchito yolonjera alendo pa nyumba ya juga ku Las Vegas. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: wogonja wa mu 1938 anali mpondamatiki, wopambana ali m'ngongole.

Mu 1954 Schmeling anapita ku America n'kukamufunafuna Louis ku Chicago. Chinkamuvutitsa n'chakuti nyuzipepala zakale zinamuika m'kamwa mawu onyoza anthu akuda, ndipo ankafuna kuti Louis amve kuchokera kwa iye mwini kuti sanawanene. Louis sanasunge chakukhosi. Kuyambira pamenepo anakhala mabwenzi, ankaonana kawirikawiri, ndipo Schmeling ankamutumizira ndalama mwakachetechete Louis atayamba kudwala. Louis atamwalira pa 12 April 1981 n'kuikidwa m'manda a asilikali a Arlington, Schmeling anathandizako pa ndalama za maliro.

Kwawo, Germany ya pambuyo pa nkhondo inkasowa munthu wa m'nthawi yakale amene ingamunyadire popanda manyazi, ndipo inamupeza mwa Schmeling. Ulemu umenewo unaphimbako mafunso ena, monga a Olympic aja, amene olemba mbiri anadzawafukula pambuyo pake. Anny Ondra anamwalira mu 1987, ndipo awiriwa analibe mwana. Mu 1991 Schmeling anakhazikitsa bungwe lothandiza osowa la dzina lake, mu 1992 analowetsedwa mu International Boxing Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nkhonya, ndipo mu 1996 mzinda wa Berlin unatsegula holo yaikulu ya masewera yotchedwa Max-Schmeling-Halle. Anyamata a ku Ukraine, Vitali ndi Wladimir Klitschko, amene anakulitsira ntchito yawo ya nkhonya ku Germany, ankapita kukamuona ali nkhalamba. Mpaka lero palibe Mjeremani wina amene anakhalapo katswiri wa heavyweight wovomerezeka ndi dziko lonse.

Ankanena kuti akufuna kufika zaka 100. Anamwalira pa 2 February 2005 kunyumba kwake ku Wenzendorf ali ndi zaka 99, itatsala miyezi yosakwana isanu ndi itatu. Anaikidwa mwakachetechete ku Hollenstedt, pambali pa mkazi wake.